Amati ndalama sapeza, amachita kupanga

Ndili chaka choyamba ku yunivesite, aphunzitsi athu a Chingerezi anandibwezera pepala langa atazunguliza mawu amodzi okha ndi cholembera chofiira. Ndinali nditalemba za malume anga amene anapita ku Joni ndi kachikwama kamodzi, n'kubwerako patatha zaka 7 ali ndi galimoto ndiponso ndalama zomangira nyumba ya malata. Chiganizo changa chinkati "he found a lot of money in Johannesburg". Pambali pa "found" paja, iwo analemba kafunso kakafupi: anazitola pati, pamsewu?

Zinandiwawa, chifukwa ku sekondale ndinkadziwika kuti Chingerezi ndimachitha. Ndinawatsatira mpaka ku ofesi kwawo. Ndinawauza kuti kwathu munthu amapeza ndalama, wolemera timamuti wopeza bwino, ndipo bambo akamatuluka m'nyumba m'mamawa amati akukasaka kuti mwina apeze kangachepe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati zonsezo n'zoona, koma chimene ndalemba ndi Chichewa chovekedwa jekete. Pa Chingerezi ndalama sapeza. Amati "make money", kapena "earn money" ngati ndi malipiro a thukuta lako. Ukati "find", mwini chinenero amamva kuti waona chikwama chimene wina wagwetsa mu minibasi.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti mawu ali ndi anzawo oyenda nawo, ndipo sungawasinthanitse mwachisawawa, galamala yako iwongoke chotani. Akatswiri a zinenero amawatcha collocations. Ifenso tili nawo, kungoti sitiwaona chifukwa tinakula nawo. Mlandu timapalamula, maliro timakhuza, ubwenzi timapalana, banja timamanga. Mlendo atati "ndapanga mlandu" timva ndithu chimene akutanthauza, koma tidziwiratu kuti si wakuno.

Ndinagula kope lachikuto cholimba n'kuyamba kulembamo mawu oterewa, aliwonse amene ndawapeza m'buku, mu nyuzipepala kapena mu filimu. Tsamba lililonse linali ndi mutu wake: nyengo, matenda, ulendo, chikondi. Koma masamba amene anadzaza msanga, mpaka ndinachita kumatapo mapepala ena, anali a luck, fate ndi wealth. Si zodabwitsa. Mtsikana amene akudya kamodzi patsiku kuti ndalama ya m'thumba ifike kumapeto kwa mwezi amatchera khutu anthu akamakamba za chuma, kaya akukamba m'chinenero chanji.

Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi mneni uja, "make". Angerezi amamukonda zedi pa nkhani ya ndalama. Wongopeza zokwanira kudya ndi kulipira lendi, "he makes a living". Amene akuvutika kulumikiza mwezi uno ndi wamawa, "he struggles to make ends meet", ngati munthu amene akukoka nsonga ziwiri za chingwe chachifupi kuti zikumane. Wolemera kwambiri "has made a fortune", ndipo wochita phindu lalikulu pa geni imodzi, monga aja amagula chimanga chotchipa nthawi yokolola n'kudzachigulitsa mu February, "has made a killing". Amene anayamba wopanda kanthu ndi "self-made", wodzipanga yekha, ndipo mbiri yake ndi ya "rags to riches", kuchoka m'nsanza kufika pa chuma. Ndi mneni yemweyo amene amagwira pa mpando wa kalipentala ndi pa keke ya ukwati. Kwa iwo ndalama ndi chinthu chimene umachisema ndi manja ako.

Ndinaganiza za malume. Atabwera ndi galimoto ija, kumudzi kunamveka manong'onong'o akuti anakhwima. Ena ankati n'chifukwa chake mwana wawo wachiwiri amadwaladwala. Koma ine ndinkadziwa, chifukwa anawauza amayi ine ndili pomwepo, kuti zaka zonsezo ankagwira ntchito ziwiri, usana kusamalira maluwa pa nyumba ya bwana wina, usiku ulonda, n'kumagona anthu 5 m'chipinda chimodzi. Munthu ameneyu ndalama sanazipeze. Anazipanga ndi msana wake. Apa ndinavomereza kuti cholembera chofiira chija chinali ndi mfundo.

Komatu musaganize kuti azungu sakayikira olemera. Amati "filthy rich" ndi "stinking rich", chuma chauve, chuma chonunkha. Oyambawo anaphukira pa mawu a m'Baibulo lakale la Chingerezi onena za phindu lonyansa. Amasiyanitsanso "old money" ndi "new money", ndipo chachilendo n'chakuti amene amanyozeka ndi wa ndalama zatsopanoyo, amene anadzivutikira, osati amene anangobadwira pa chuma. Wobadwirayo amamuti "born with a silver spoon in his mouth", mawu okumbutsa mwambo wakale wa m'mabanja olemera wopatsa khanda sipuni ya siliva pa ubatizo wake. Iyeyu ndalama sapanga. Akuluakulu akamwalira, "he comes into money", amangolowamo ngati m'nyumba yosesa kale. Ife tili ndi mpondamatiki wathu. Tiki kanali kandalama ka mapeni atatu ka nthawi ya atsamunda, ndipo ine ndikamva mawuwa ndimaona munthu akuponda ndalama, osawerama n'komwe kuti atole.

Palinso "fortune". Mawu amodzi, matanthauzo awiri: mwayi ndiponso chuma chambiri. Anachokera kwa Fortuna, mulungu wamkazi wa Aroma amene ojambula ankamuonetsa ali ndi gudumu lozungulira, kukweza uyu, kutsitsa uja. Ndinalemba zimenezi m'kope muja koma sindinaziganizire kwambiri. Mtima wanga unali pa "make". Ngati ndalama amachita kupanga, ndiye kuti nanenso ndidzapanga, bola digiri.

Digiriyo ndinaipeza, yabwino ndithu. Tinavala mikanjo, amayi analulutira mpaka mawu anasasa. Kenako ndinakhala pakhomo zaka 2. Amene munadutsamo mukudziwa mmene zimakhalira: kugula kabandulo ka intaneti kuti utumize kalata, kudikira, kenako kulandira imelo yoyamba ndi "we regret". Imeneyo ndiye yabwino, ambiri sayankha n'komwe. M'nyengo imeneyi mawu a pa tsamba la luck ndinasiya kuwawerenga, ndinayamba kuwamva akunenedwa kwa ine. Ndikati ndaitanidwa ku intavyu, anzanga pa WhatsApp ankati "fingers crossed", n'kutumiza kachithunzi ka zala zopingasa. Inde, azungu amene amatiseka ndi zithumwa nawonso amapinga zala, ndipo akatchula zabwino zimene sizinachitike amagwira thabwa, "touch wood", kuopa kuti zingathawe. Zikakanika, anzanga omwewo ankati "hard luck, sis", "better luck next time". Ndinaphunzira ndi khutu kusiyana kwa "hard luck" ndi "tough luck": woyambayo ndi pepa, wachiwiriyo ndi zako zimenezo. Wachibale wina, amene mwana wake analowa ntchito mwezi womwe anamaliza sukulu, anandiuza wachiwiriyo akumwetulira. Mwina sankadziwa kusiyana kwake, ndinamukhululukira.

Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kandalama kamene amayi ankandigawira pa geni yawo ya kaunjika kanasanduka ka sopo ndi mchere basi. Pa Chingerezi ndinali "down on my luck". Agogo ankati ndi minyama, ndipite kumudzi akandisambitse. Ndinkangoseka. Ndinkaona anzanga a m'kalasi, a Mwayi, a Madalitso, a Lucky ndi a Fortune, nawonso ali pakhomo ngati ine, pamene wina amene makolo ake anamutcha Mavuto ali pa ntchito ku Lilongwe.

Ntchito inabwera m'njira imene sindinaiyembekezere. Mnzanga wa ku yunivesite ankachoka pa kakampani kena kolembera makampani ena mauthenga a malonda, ndipo bwana atamufunsa ngati akudziwa wina wolemba bwino, anatchula dzina langa chifukwa tinali titakumana mu basi dzulo lake. Zomwezo basi. Akanakwera basi ina, bwenzi atatchula wina. Angerezi amati "a lucky break", kapena "a stroke of luck", ngati kuti mwayi ndi chinthu chimene chimakumenya usakuyembekezera, momwe imachitira mphezi. Ife timati kutola nkhwangwa ndi mpini womwe. Amayi anati Mulungu wayankha, agogo anati minyama yatha, ndili ndi mphumi. Ine pa Facebook ndinalemba za kulimbikira ndi kusataya mtima, za basi ija osatchulapo. Ndinkafuna kuoneka "self-made".

Ntchito yanga ndi kulemba timizere tatifupi: toika pa Facebook, totumiza pa foni, towerenga pa wailesi. Timalembera ogulitsa feteleza, masukulu, malo ogona alendo. Koma kasitomala amene amalipira bwino kuposa onse, amenenso saphonya tsiku lolipira, ndi kampani ina ya juga ya pa foni. Kumeneko n'kumene kope langa lija linagwira ntchito. Anzanga ankalemba zinthu ngati "get your luck", zongomveka kuti wolembayo amaganiza m'Chichewa. Ine ndinkadziwa kuti pa Chingerezi mwayi amauyesa, "try your luck". Ndinkadziwa "hit the jackpot", "strike it rich", "your lucky day", "a winning streak". Bwana ankati Chingerezi changa chimamveka ngati cha ku London. Ndinkanyada.

Mawu amenewa ali ndi mbiri, ndipo ndinkaidziwa. "Luck" yemweyo sanabadwire m'Chingerezi. Anabwerekedwa kwa anthu a ku Netherlands ndi madera oyandikana nawo m'zaka za m'ma 1400, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti analowera pa juga. "Jackpot" ndi wa masewera a makadi otchedwa poker ku America, kumene mulu wa ndalama unkakula mpaka wina atakhala ndi makadi awiri a jack. "Strike it rich" ndi wa anthu okumba miyala ya mtengo wapatali, piki yako ikamenya pamene pali golide. Golide atapezeka ku California mu January 1848, anthu pafupifupi 300,000 anakhamukira kumeneko m'zaka zochepa zotsatira, ndipo ambiri anabwerako chimanjamanja. Mmodzi mwa amene analemera msanga anali Samuel Brannan, munthu wa sitolo. Iye anagula mafosholo, mapiki ndi mbale zosefera golide zambiri, kenako n'kuyenda m'misewu ya San Francisco atanyamula kabotolo ka golide, akulengeza kuti golide wapezeka. Gudumu lija linamuzungulira nayenso, anamwalira mu 1889 chuma chitamuthera. Ndikamawerenga nkhaniyi ndinkaseka, n'kumati munthu wochenjera bwanji. Sindinadzifunse kuti pa ntchito yangayi ndine ndani m'nkhaniyo, wokumba kapena wofuula mumsewu.

Ndili ndi mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, amene akuphunzira zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja. Chiyambire ntchito, fizi yake ndimalipira ndine. Ndi mnyamata wofatsa, wokonda mpira wa ku England ngati anzake onse. Akhoza kukuuzani amene wavulala ku Arsenal koma mtengo wa ufa saudziwa. Tsiku lina anafika kunyumba ndi chitenje cha amayi, shuga ndi mafuta ophikira, n'kunena kuti anapeza ganyu yolumikiza mawaya pa nyumba ina. Tonse tinamuyamikira. Zoona zake ndinazimva patatha miyezi 3: anaika K2,000 pa masewera 6 a Loweruka limodzi, onse n'kulowa, n'kulandira K90,000 ndi kanthu.

Ndalama yotereyi Angerezi amaitcha "windfall", ndipo mwa mawu onse a m'kope muja amenewa ndi amene ndimawakonda. Poyamba ankatanthauza chipatso chimene chagwa ndi mphepo. Kwa agogo kuli mtengo wa mango, ndipo tili ana, usiku ukawomba mphepo, ine ndi mlongo wangayu tinkalawira kukatola ogwa okha anzathu asanadzuke. Sukwera, sugenda, palibe amene angakutche wakuba. Koma iye sanaione K90,000 ija ngati bango logwa ndi mphepo. Anaiona ngati malipiro a nzeru zake, poti mpira amaudziwa. Dzina lina la zimenezi ndi "beginner's luck", mwayi wa woyamba kumene, ndipo si chiyamikiro ayi. Amanena akupukusa mutu.

Kuchoka pa mpira anapita pa kandege, kaja kamakwera pa sikirini, ndalama yako n'kumachulukana, iwe n'kumadikira kuti udine kasanathawe. Mpira umadikira Loweruka, kandege sikagona. Mwezi umene ndinamutumizira fizi ya teremu yonse, K260,000, anaganiza zobwerekako K20,000 yokha, aichulukitse, abwezerepo, palibe adziwe. Inapita. Anatapanso kuti abweze yoyambayo. Pofika usiku wachitatu munalibe kanthu, ndipo anali atakatenganso K50,000 ya katapila kwa munthu wina wa pamsika.

Anafika kwanga ku Chilomoni cha m'ma 9 koloko usiku, wapansi, asanadye. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko ngati mlendo, nsima anaikana.

"Achemwali, ndalakwa."

Ndinakalipa, sindibisa. Ndinanena zonse zimene wamkulu amanena: kodi ukudziwa mmene ndimazivutikira, kodi mutu wako ukugwira, nanga amayi ndikawauza chiyani. Anangoti zyoli. Nditatopa ndinamufunsa chifukwa chake sanasiye atangoluza koyamba.

"Ndinasiyatu, achemwali. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinalumbira. Koma masana kunabwera meseji, ndiye ndinangoona ngati ndi chizindikiro."

Anandipatsa foni. Uthengawo unali wa ziganizo ziwiri: "Your luck is about to change. Give it one more try."

Ndinaulemba ndine. Ndikukumbukira ndi tsiku lomwe, linali Lachiwiri, ndikudya chipisi cha pachiwaya pa desiki. Tinauzidwa kuti tikonze uthenga wopita kwa makasitomala amene aluza n'kukhala chete. Ndinalemba mauthenga 5, bwana anasankha umenewo, anati ndi wokoma chifukwa sukulonjeza chilichonse. N'zoona, sulonjeza. "Change" akhoza kupita uku kapena uku. Mlongo wanga sankadziwa kuti kampaniyo timailembera ndife, ndipo usiku umenewo sindinamuuze. Ndinamubwezera foni, n'kumuuza kuti adye.

Atagona ndinatulutsa kope lija mu sutikesi. Tsamba la luck ndinali nditaligawa pakati ndi mzere kalekale, ndili chaka chachiwiri, ndipo ntchito yanga yonse inkachokera kumanzere. Kumanja kunali anzake. Amene akuyesa mwayi, "try your luck", akapitiriza amakhala akuukankha, "push your luck". Mwayi umagwira kwakanthawi, "luck holds", kenako umatha ngati mayunitsi a magetsi, "luck runs out". Umathanso kukuthawa, "luck deserts you", mneni amene amagwira pa msilikali wothawa nkhondo ndi mwamuna wothawa banja. "Winning streak" anabadwa mapasa ndi "losing streak". Chuma chimene "you make" ndi chomwecho chimene "you lose", "you squander", "you gamble away". Ndipo zimene anachita mlongo wanga tsiku lachiwiri lija zinali pomwepo, zolemba ndi dzanja langa: "throw good money after bad", kuponya ndalama yabwino kuti ikatsatire imene yapita kale. Pansi penipeni panali "the house always wins", mwini juga saluza.

Chingerezi sichinamunamize mnyamatayu. Eni ake anayamba kale juga, analira kale, ndipo moyo wonse wa mwayi anauika m'mawu, kuyambira pamene ukukumwetulira mpaka pamene wakufulatira. Amene anang'amba tsambalo pakati n'kutumiza theka ndine. Pansi pa malonda athu timaikapo kamzere kakuti juga ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo ndipo muzisewera mosamala. Kamenekonso ndimalemba ndine, ndipo ndimadziwa kuti maso safikapo.

Amayi tinawauza Lamlungu, titachoka ku tchalitchi. Ndinkayembekezera kuti alira kapena amuthamangitsa. Anakhala chete nthawi yaitali, akupeta mpunga, kenako anati: "Ndi minyama imeneyi. Mwana wanga si wakuba. Chakudza sichiimba ng'oma, zinalembedwa kuti tidutsemo." Anamuuza kuti Lachitatu apite nawo ku mapemphero.

Pakamwa panga panadzaza mayankho. Ndinkafuna kuwauza kuti apa palibe chimene chinalembedwa kumwamba. Chimene chinalembedwa ndi pulogalamu ya kompyuta, ndipo masamu ake anawakonza kuti pa ndalama zonse zimene anthu aika, zobwerera kwa osewera zizikhala zocheperapo. Mmodzi akhoza kuwina lero, koma gulu lonse pamodzi limaluza, apo ayi kampani ikanawalipira chiyani anthu ngati ine?

Komabe "zinalembedwa" wa amayi uja si wachilendo kwa azungu. "Fate" anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chimene chanenedwa. Iwo amati chinanenedwa, ife timati chinalembedwa. Agiriki akale ankakamba za akazi atatu, wina wopota ulusi wa moyo wa munthu, wina wouyeza, wina woudula. Ndipo mawu oyenda ndi "fate" ndi olemera ngati a pamaliro: "a cruel fate", "meet your fate", "suffer the same fate", "his fate was sealed", ngati envelopu yomata kale. Zabwino amazisungira mnzake, "destiny", amene umachita kumukwaniritsa, "fulfil your destiny". Amatinso "tempt fate", ife timati kuliputa dala tsoka. Zinthu zikatembenuka modabwitsa amati "a twist of fate", ndipo kwa masiku angapo ndinkadzitonthoza ndi mawu amenewa, kuti taonani mmene uthenga wanga unakapezera foni ya mlongo wanga weniweni. Koma panalibe chodabwitsa. Uthengawo unkapita kwa aliyense amene waluza, ndipo iye anali ataluza.

Kwa amayi sindinanene chilichonse. Chifukwa choyamba n'chakuti ndinaona nkhope ya mlongo wanga. Kwa masiku 4 anali asanayang'ane munthu m'maso, ndipo amayi atangoti minyama, anadzutsa mutu. Mawu amene ine ndinali nawo, a "make" aja, akuti munthu amadzipangira yekha zabwino ndi zoipa zomwe, "you make your own luck", "he has only himself to blame", akanamukwirira. Amakoma pakamwa pa munthu amene zikumuyendera. Kwa wogwa amangomuuza kuti wadzigwetsa yekha, ndipo mnyamata wa zaka 20 amene sakudya, sakugona, sindinkafuna kumusiya yekha usiku ndi mawu amenewo. Minyama imasambika. Munthu amapita ku mapemphero, n'kubwerako, n'kukhala pa mkeka kudya ndi abale ake.

Chifukwa chachiwiri si chokoma. Ngati ndi minyama, ndiye kuti palibe amene analemba meseji ija.

Fizi ndinalipira ndi ngongole ya ku banki m'khonde ya amayi. Wa katapila uja tinamupatsa K75,000 pa K50,000 yake. Zonsezi ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro a ntchito yomweyi. Mlongo wanga anabwerera ku sukulu, ndipo tsopano fizi ndimaponya ndekha mu akaunti ya sukuluyo, iye amangolandira lisiti. Patatha milungu iwiri ndinamuuza za uthenga uja, tikuyenda kupita pa siteji. Anaima, anandiyang'ana, kenako anaseka kaseko kopanda chimwemwe.

"Ndiye mumalemba bwinotu, achemwali."

Sitinaikambenso.

Lolemba lotsatira ndinapempha bwana kuti andichotse pa kasitomala ameneyu, andisiyire a feteleza ndi masukulu. Anandimvetsera bwinobwino, si munthu woipa. Anati akumvetsa, koma gawo lalikulu la malipiro athu tonse limachokera kumeneko, ndipo pa foni yake pali ma CV a anthu a madigiri ochuluka kuposa amene angawawerenge. Anamaliza m'Chingerezi, akumwetulira: "You were lucky to get this job. Don't push your luck." Mwa chizolowezi, ndinaona kuti mneni wamuika wolondola.

Ndikufunafuna kwina, ndipo maimelo a "we regret" ayambanso kubwera. Pakadali pano ndikulembabe. Uthenga wa oluza ndinaukana, akulemba mnzanga. Ine ndimalemba ya Loweruka, ya mpira, n'kumadziuza kuti pali kusiyana. Lachisanu lapitali ndinapita kwa mnyamata amene amasunga mndandanda wa manambala otumizirako mauthenga, ndinamulembera nambala ya mlongo wanga pa kapepala, n'kumupempha kuti aichotse. Anayang'ana kapepalako, kenako sikirini yake, pamene manambala ankangotsika osatha.

"Imodzi yokhayi, asisi?"

"Eya," ndinatero. "Imodzi yokhayo."